Tsiku Limene Ndinayeza Mtondo wa a Soko

Anzanga, mukamandiona lero imvi zili mbuu, ana akundigwadira m'njira, musaganize kuti ndinabadwa ndi nzeru. Ine ndinachitapo chinthu ku Mzimba chimene ndikachikumbukira ndimaseka mpaka kutsamwa, koma tsiku limenelo kuseka kunalibe m'kamwa mwanga.

Zinali zaka zija Boma la azungu litangokhazikika kumene, galimoto ikadutsa pa msewu wa ku Mzimba anthu ankaikamba mpaka Lamulungu. Ine ndinali mnyamata wa ku Kasungu, nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi ku mishoni, ndipo ananditumiza pa kasukulu ka udzu pakati pa Jenda ndi Edingeni. Ana ndinkangowaphunzitsa kuwerenga ndi kuphatikiza, koma m'mutu mwangamu munali katundu wolemera: alijebula, jometire ndi masamu a mwayi, zimene mzungu wina wa ndevu zofiira anatiphunzitsa chaka chomaliza ife ochepa amene ankati mitu yathu ikugwira. Nanga katundu wotere ungamusunge osamuonetsa? Ankandiyabwa ngati chitedze.

Ndiye panali mtsikana, dzina lake Elube, mwana wa a Soko. A Sokowa anagwira ntchito zaka zambiri ku Halale, ndipo anabwerako ndi zinthu zimene mudzi wonse unkanyadira: chipewa, mpando wandalema, ndi njinga yakuda yonyezimira, yokhayo m'dera lonselo. Njingayo sankaikwera wamba, ankaopa kutha matayala. Lamulungu ankaipukuta, n'kuikankha mpaka kutchalitchi, n'kuikankhanso pobwerera, iwo ali wapansi pambali pake.

Nkhani ya ukwati wanga ndi Elube inali itayamba kale, ankhoswe atayenda, koma a Soko anali asanatsirize mawu. Ngakhale zinali choncho, mwambo unali utandigwira kale ngati mkamwini. Amayi ake a Elube, a NyaMoyo, ndinkayenera kuwathawa. Ndikawaona akubwera m'njira, ine n'kupatukira kutchire, iwonso n'kutembenuza nkhope. Kuponda pabwalo pawo iwo alipo, ayi ndithu. Kuwakhudza ndiye musanene n'komwe.

Kum'mawa kwa nyumba zawo, pafupi ndi khola la ng'ombe, kunali mtondo waukulu umene mphezi inaumenya dzinja lapitalo. Unayamba kuuma, nthambi zikugwa zokha, ndipo a Soko anaganiza zoudula usanaphe mwana wa munthu. Anasankha Loweruka lina m'nyengo yozizira, n'kuitana ana awo aamuna awiri, Yakobe ndi Simoni, ndi anansi ochepa. Inenso ndinapita mamawa, cholinga changa chinali chabwinobwino: kukathandiza kukoka nthambi, kuti apongozi aone kuti mphunzitsi nayenso ali ndi manja.

Nditafika ndinapeza mkangano. Ena ankati mtengowo ukagwera kumudzi ufika panyumba, ena ankati sufika, wina n'kumati aphwasule kaye nkhokwe. Si mwayi umene ndinkaudikira uwu? Ndinatsokomola pang'ono, n'kunena mwaulemu kuti kutalika kwa mtengo kungathe kudziwika munthu osakwera, osaudula, osaukhudza n'komwe. Onse anatembenuka n'kundiyang'ana. A Soko anakankhira chipewa kumbuyo.

“Mbwenu tiwonetseni, a Sambizgi,” anatero, poti kumeneko mphunzitsi amamutcha choncho.

Ndinatuma Simoni kukanditengera ndodo yanga ya kusukulu, ya yadi imodzi yeniyeni. Ndinaiimika pansi chilili, dzuwa likadali m'munsi, n'kuyeza chithunzithunzi chake. Chinakwana mayadi awiri. Ndinafotokoza mokweza, kuti ngakhale Elube amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe amve, kuti dzuwa silikondera: ngati chithunzithunzi cha ndodo ndi chowirikiza kawiri ndodoyo, ndiye kuti cha mtengo nachonso ndi chowirikiza kawiri mtengowo. Kenaka ndinasalaza dothi ndi phazi n'kulemba ndi kamtengo. Ndinati chinthu chimene sitikuchidziwa, kusukulu timachitcha ekisi, ndipo lero ekisi ndi kutalika kwa mtondo.

A Soko anawerama n'kuyang'anitsitsa kamtanda kopendekeka kamene ndinajambula.

“Ekisi uyu, chiwongo chake ndani?”

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndipo ndinamva kuti zinthu zikundiyendera. Chinatsala ndi kuyeza chithunzithunzi cha mtengo basi. Ndinayamba patsinde, ndodo m'manja, kugoneka ndi kudzutsa, kugoneka ndi kudzutsa, anthu akunditsatira pambuyo ngati ndikuwatsogolera kumadzi. Nditadzutsa mutu, ndinaona vuto. Chithunzithunzicho chinadutsa khola, chinadutsa nkhokwe, n'kukagona pabwalo penipeni pa a NyaMoyo, ndipo eni akewo anali pomwepo, akusinja mawere, nsonga ya chithunzithunzi ili pamtondo wawo wosinjira.

Ndiye ndichite bwanji? Ndikagwade ndi ndodo pamapazi pa apongozi? Kupatsa Simoni ndodoyo kukanatheka, koma ulemerero wonse ukanapita kwa iye. Ndinauza anthu mwaukatswiri kuti masamu safuna phuma, tidikire pang'ono. Tinakhala pansi, a Soko n'kuyamba nkhani za ku Halale, za sitima ya pamtunda ndi nyumba zosanjikizana, ndipo mukudziwa kuti munthu wa ku Halale akayamba samaliza. Ine khutu linali kwa iwo koma diso lili pabwalo. Ndipo taonani, chithunzithunzi chija chinayamba kubwerera chokha! Chinachoka pamtondo wosinjira, chinachoka pabwalo, chinadutsa nkhokwe chobwerera m'mbuyo. Ine mumtima ndinathokoza Mulungu kuti wandichotsera vuto. Zoti dzuwa lakwera, ndipo chithunzithunzi cha ndodo yanga nachonso chafupika, sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Mzungu wa ndevu zofiira uja anatiuza kangati kuti zonse ziwiri muziyeza nthawi imodzi? Koma munthu amene mtsikana akumusuzumira kuseri kwa nkhokwe sakumbukira mzungu.

Ndinadzuka n'kuyeza. Mayadi makumi awiri. Ndinabwerera padothi paja n'kulemba kuti ma ekisi awiri akufanana ndi makumi awiri, choncho ekisi ndi khumi. Ndinalengeza kuti mtondo wa a Soko ndi wotalika mayadi khumi, osapitirira, osachepera. Nditayang'ana m'mwamba, kunena zoona, mtengowo unandionekera wautali koposa pamenepo, koma ndinadziuza kuti maso amanama, masamu sanama. Ndinayeza mayadi khumi kuchoka patsinde kuloza kumudzi, n'kukoka mzere ndi chidendene. Mzerewo unali kutali ndi nkhokwe, kutali ndi nyumba. Anthu anaomba m'manja. A Soko anandigwira chanza ndi manja awiri, akundithokoza kuti yewo chomene.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinali nditagwiritsa ntchito jometire ndi alijebula, masamu a mwayi akadali m'thumba, akulira kuti nawonso atuluke. Yakobe anali atakonza chingwe chachikopa choti akwere nacho n'kumanga m'mwamba, kuti anthu akokere mtengowo kudambo. Ndinamufunsa kuti akuvutikiranji. Ndinafotokoza kuti mbali zilipo zinayi: kudambo, kumunda, kuthengo ndi kumudzi, choncho mwayi woti ugwere kumudzi ndi umodzi wokha mwa zinayi, ndipo ngakhale utagwera kumeneko, mzere ndi uwo, sufika. Yakobe, amene ankaopa kale kukwera mtengo wouma, anaponya chingwe pansi mosangalala n'kunena kuti sukulu ndi yabwino chomene. Zoti mtengowo unali wopendekera kumudzi chibadwire, ndiponso kuti mphepo ya nyengo imeneyo inkawomba kuchokera kum'mawa kuloza kunyumba, masamu anga sanaziwerengere.

Sindinathere pomwepo. Pofuna kuonetsa kuti ndikukhulupirira ntchito yanga, ndinapempha kuti mpando wandalema ubwere uikidwe kuseri kwa mzere pang'ono chabe, kuti mwini mudzi aonerere bwino. A Soko anakondwera kwambiri, mpaka anati njinga nayo ituluke, anthu obwera adzaone kuti pano pali pa munthu woyenda. Ine ndemwe ndinaikankha ndi manja angawa, n'kuiimika pambali pa mpando, n'kupukutanso belu ndi malaya anga. Kenaka ndinaima patsogolo pawo, chala chaphazi chili pamzere, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo.

Nkhwangwa zinayamba kulira. Yakobe uku, Simoni uko, tizidutswa ta mtengo tikuuluka, azimayi atasonkhana chapatali, ana akuvina. Ine ndinkangomwetulira. Patapita nthawi mtengo unalira kuti kwee, n'kugwedezeka, n'kuima kaye ngati ukuganiza. Kenaka unasankha. Pa mbali zinayi zija, unasankha yanga.

Poyamba sindinasunthe. Ndinati ubwere, mzere ulipo. Koma anzanga, mtengo ukamagwa umakula! Thambo linada, nthambi zinadzaza kumwamba konse, ndipo ndinaona bwinobwino kuti pakati pa mtengowo ndi pamene pakubwera pamutu panga, nsonga ikupita kutsogolo kwambiri. Ndinamva a Soko akukuwa m'Chitumbuka mawu amene sindingawabwereze, n'kuona akudumpha cham'mbali ngati mnyamata. Ine, m'malo mothawira kumbali ngati iwo, ndinathawa molunjika kumene mtengo unkapita. Liwiro lake sindinalionepo. Kumbuyo kwanga kunamveka chiphokoso, nthaka inagwedezeka, nsonga za nthambi zinandikwapula kumsana n'kung'amba malaya anga oyera kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ng'ombe zinathyola khola, nkhuku zili balala.

Ine osaima. Fumbi lili m'maso, ndinaona khomo patsogolo panga n'kulunjika pomwepo. Nthawi yomweyo a NyaMoyo ankatuluka pakhomo lomwelo atasenza mtsuko wa chindongwa, thobwa la kumeneko, loti apatse odula mtengo. Tinagundana chifuwa ndi chifuwa. Mtsuko unapita m'mwamba, ife tinapita pansi, thobwa lonse linatsikira pa ife. Ndipo chifukwa cha mantha ndinawakumbatira zolimba, maso nditatseka, ndikukuwa kuti, “Amayi, ndafa ine!”

Nditatsegula maso, nkhope imene ndinakhala ndikuithawa miyezi yonseyi inali pamphuno panga, thobwa likudontha m'nsidze. Anangondichotsa manja m'khosi mwawo, limodzi kenaka linalo, n'kudzifunditsa nsalu kumutu. Ine ndinakwawa chobwerera m'mbuyo mpaka pabwalo, n'kupeza mudzi wonse waima duu. Elube yekha ndi amene anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Palibe amene anavulala, ndipo nyumba inapulumuka, ngakhale denga la nkhokwe linapita. Mpando wandalema unasanduka nkhuni. Njinga anaitulutsa pansi pa nthambi gudumu lakutsogolo litapindika ngati lichero lokhalidwa, ndipo atangoidzutsa belu linalira lokha kamodzi. Apo m'pamene ndinazindikira cholakwa changa, n'kuyamba kufotokoza mwachibwibwi kuti masamu sanalakwe, vuto ndi dzuwa limene linasuntha. A Soko anandimvetsera mpaka kumapeto, akukutumula fumbi pachipewa. Kenaka anatola ndodo yanga ya yadi imene inali pansi, n'kundipatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

“Mbwenu yezani tsopano, a Sambizgi. Wagona pansi, sukuvutitsaninso.”

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ndikhulupirira kunamveka mpaka ku Luwawa. Ndipo mukudziwa kupusa kwanga? Ndinayezadi. Mayadi makumi awiri ndi kachidutswa.

Madzulo ake tinakhalira kusaka ng'ombe m'dambo. Ankhoswe anga anapereka mbuzi yopepesera a NyaMoyo, ndipo Lolemba ndinasenza njinga ija pamutu ulendo wa ku boma la Mzimba, kwa mmwenye wina amene ankadziwa kuwongola magudumu, m'midzi yonse ana akundithamangira n'kumafunsa chifukwa chake njinga yakwera munthu. Ndinkaganiza kuti za ukwati zathera pomwepo, koma nditabwerako ndinamva kuti a NyaMoyo ndi amene anandiikira kumbuyo. Anauza amuna awo kuti mnyamata amene pa nthawi ya imfa amathawira kwa apongozi ake n'kuwatcha amayi, ameneyo sadzathawa mwana wawo. Elube ndinamukwatira chaka chomwecho.

Masamu ndaphunzitsa moyo wanga wonse, ndipo ndimawakonda mpaka lero, koma amathera pasileti. Munthu akandifunsa kuti mtengo uwu ungafike pati ukagwa, ine ndimatenga chipewa changa n'kumuuza kuti akandipeze kutsidya kwa dambo akamaliza.