A Lazaro Anamwalira Kanayi

Kuno ku Chamama munthu amamwalira kamodzi basi, koma a Lazaro anamwalira kanayi, ndipo katatu konseko anali gwa, akutafuna mtedza m'chigafa.

Bambowa atatopa ndi kusankha fodya ku esiteti, anatola chikompyuta chakale n'kuchilumikiza ku batire la sola m'chigafamo, amvekere, "Iyi ndi seva." Ukalemba dzina la womwalira pa tsamba lawo la pa intaneti, kapulogalamu kamene analemba okha kankamwaza uthenga wa malirowo m'mafoni, kuyambira ku Lisasadzi mpaka kwawo kwa matenanti ku Mulanje.

Matenda awo anali kuyesa. Ankati pulogalamu yosayesa ndi belo losatsegula: pamwamba fodya, m'kati zinyalala. Nanga uthenga wa maliro n'kuyesera dzina la yani? Anafuna kulemba la a Esau, oyandikana nawo nyumba.

"Mwayamba ufiti eti?" anatero akazi awo, a Ezelina. "Akatsokomola mawa muyankha ndinu."

"Ndiye ndilembe lanu?"

"Tayesani muone."

Analemba lawo, n'kuiwala kutseka kotumizira. Ogo! Pofika masana amayi a m'mudzi anatulukira akulira, adzukulu makasu paphewa kuti akakumbe manda, n'kupeza malemu akukanda ndevu pakompyuta.

"Yagwira!" anakuwa malemuwo. "Mwalandira nonse?"

Kenako anatumiza uthenga wina: Pepani abale, timayesa chabe.

Kachiwiri ankakonza deti, poti seva inkalengeza kuti anamwalira mu 1970. Kachitatu ankangofuna kutsimikiza. Abusa anachita kuwapitira: "Lazaro wa m'Baibulo anauka kamodzi n'kukhala phee. Inu bwanji kodi?" A Ezelina manyazi, mpaka pachitsime ankapatsidwa moni woti, "Zikomo amasiye, amwalira liti sabata ino?"

M'mawa wina, nyengo yothyola fodya, a Lazaro sanadzuke. A Ezelina analowa m'chigafa, n'kulemba dzina lija ndi chala chimodzi monga ankaonera. Uthenga unapita. Yankho linabwera limodzi, la a Esau ali kumunda: "Auzeni yagwira."

Mayi aja anakhala okha ndi mtembo, manda osakumba, dzuwa likukwera. Analira, komanso anakwiya, ndithu anawakalipira amuna awo ali chigonere: "Mwaona zanu zoyesazi? Akuikani ndani?"

Mudzi wonse unali m'fodya, khutu kufoni, kudikira uthenga wachiwiri uja. Masana anadutsa, zii. Dzuwa litapendeka a Esau anayang'ananso foni, n'kutula pansi fodya anali m'manja, n'kuvula chipewa. Anthu anayamba kutuluka m'mizere mmodzimmodzi, popanda woseka.

Seva ija ikulirabe m'chigafa, ndipo sinanamizenso munthu. Koma tawasowa, abale, maliro a masiku ano onse ndi enieni. A Ezelina amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse, ndipo foni ikangolira amaithamangira. Tonse tikudziwa mawu amene akudikira.