Bambo Aang'ono Aganyu a ku Ibadan

Pa phwando la mwana wanga Remilekun, Lamulungu lija, analipo ndi awa. Analipo amake Lanre, ogulitsa tomato pafupi ndi benchi yanga ya tsabola mumsika wa Mushin kuno ku Lagos, amene ndinakadya kwawo pamene Lanre wawo anasankhidwa kupita ku yunivesite, ndiye anabwera ndi njala ya zaka zinayi kudzabweza. Analipo mayi busa, ndi mabakuli awiri opanda kanthu m'chikwama, ati anangowaiwalamo. Analipo atsikana asanu anzake a Remi, amene anajambula mpunga wa jolofu ndi mafoni mpaka unazizira. Analiponso bambo wina wa chipewa chofiira amene mpaka lero sitikudziwa anali mbale wa yani, koma nthuli anadya zisanu, ndinaona ndi maso angawa. Amene panalibe ndi mwana wanga woyamba Gbenga, ati ntchito ku Port Harcourt. Ndipo kuchimuna, kwawo kwa malemu bambo ake Remi, sikunachokere ngakhale mphaka.

Amake Lanre, fupa lili m'kamwa, anati, "Amake Gbenga, kodi achifumu anu a ku Ibadan aja sanamve kuti mdzukulu wawo akukaphunzira za uloya?"

"Atanganidwa," ndinatero. "Kukulongedwa ufumu."

"Chaka chilichonse kumalongedwa ufumu kwanuko."

"Banja lake ndi lalikulu."

Inu, tamverani. Mwana uyu mayeso olowera ku yunivesite analemba katatu. Chaka choyamba mamalikisi anaperewera, chachiwiri anakwana koma malo anatha, chachitatu ndi chino, dzina latuluka. Zaka zitatu akundithandiza kusankha tsabola, anzake akumutumizira zithunzi za kukoleji. Ndiye alendo ali mkati motafuna, iye anaimirira ndi foni nayamba kuwerenga zofunika kukaonetsa kusukulu pofika Lachisanu, apo ayi malo apatsidwa kwa wina. Satifiketi ya mayeso, tili nayo. Ya kubadwa, tili nayo. Zithunzi khumi ndi ziwiri.

"Ndi kalata ya ku khonsolo ya kwawo kwa Adadi, yotsimikiza kuti ndine mwana wa kumeneko. Imeneyo ndi yosavuta, si Ibadan ndi pompano apa? Pa fomu ndinalemba kale kuti Ibadan, banja la Oyetumbi."

Atsikana aja anakuwa, "Mfumukazi! Loya wachifumu!" Ine ndinaika supuni pansi, poti pamene Gbenga ankalowa yunivesite kalata imeneyi sanaifunse.

Poti zinaululika kale, ndinena. Mwamuna wanga sanali wa ku Ibadan. Anali wa ku Aba-Jagun, kamudzi ka ku Ekiti komwe msewu umangofika n'kutopa. Nditangoyamba geni mumsika, ndili mtsikana, ndinamva amayi akuseka mnzathu wina kuti anakwatiwa kutchire. Atandifunsa ine, pakamwa panangotuluka kuti Ibadan. Dzina la Oyetumbi ndinalitola pa wailesi, pa uthenga wa maliro, linkamveka la anthu okhuta. Mwamuna wanga anali dalaivala wofatsa, ankangoti, "Iwe, udzachimwa nazo." Atamwalira, Remi ali ndi zaka zitatu, ndinadziwa kuti msika wonse uperekeza maliro mpaka kumudzi n'kukaona chilichonse, ndiye ndinafulumira kumuika konkuno ku Lagos. Abale ake anafika ndi lole mawa lake, anapeza nkhata zili pamanda. Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sitinapatsanepo moni.

Munthu wanzeru akanaulula Lamulungu lomwelo. Ine Lolemba m'mawa ndinali pa depoti ya mabasi a ku Ibadan, kufunafuna bambo aang'ono.

Kondakitala wina anandilozera a Baba Sikiru, mkulu wa mphini zinayi tsaya lililonse, Ibadan yeniyeni yolembedwa pankhope. Ntchito yawo ndi yomweyo, kuimira ubale pomwe ubale waperewera.

"Mukufuna bambo aang'ono wamba kapena achifumu?" anandifunsa.

"Achifumu."

"Achifumu amadya kawiri panjira. Chovala ndi chanu."

Ndinawabweretsera mkanjo wa agbada wa malemu, wa buluu, wopeta ndi ulusi wagolide, umene ngakhale Gbenga ndinamukaniza pa ukwati wake. Atavala, anayamba kuyenda ngati depoti ndi yawo. Remi ndinamuuza kuti awa ndi ang'ono awo a bambo ake, angotulukira. Mwana anagwada pafumbi, misozi ili mbwee, nati, "Amayi, mphuno ndi ya Adadi ndithu, ngati pachithunzi paja!" Mphuno ya munthu waganyu!

Lachiwiri tinafika ku ofesi ya khonsolo ku Ibadan. Pa tebulo panali mayi wa magalasi, wodekha ngati mphika wozizira. Anayang'ana fomu.

"Remilekun Fagbuyi. Dzinali likununkha Ekiti."

"Agogo ake ankakonda kuyenda," ndinayankha msanga.

"Banja liti?"

Apa a Baba Sikiru anatambasula manja a mkanjo ngati mleme. Ine ndinawalemba kuti azingogwedeza mutu, koma mbale ziwiri za panjira zija zinawakwera. "Oyetumbi, mwana wanga! Ine ndine wobadwira m'nyumba yaikulu, pansi pa mtengo wa mango. Mwanayu ndinamunyamula ndekha tsiku lomutcha dzina, anandikodzera pamwendo uwu."

Mayi uja anavula magalasi. "Oyetumbi wa kuseri kwa msika wa nsalu?"

"Yemweyo!"

"Ndi kwathu kumeneko. Ine ndine mdzukulu wa Oyetumbi. Mango palibe, pali mzikiti. Koma dikirani, mwina ndine mwana, ndiimbire azakhali anga, amadziwa aliyense mpaka ana a kunjira." Anatenga foni. "Muti ndinu a ndani, bambo?"

A Baba Sikiru anati ayambe akataya madzi. Tinawaonera pawindo akukwera njinga yamoto, mkanjo wa mwamuna wanga ukuuluka kumbuyo ngati mbendera ya chipani.

Mayi wa magalasi sanakalipe, n'chimene chinandipweteka. Anangoti, "Mayi, mwezi uno ndinu achinayi. Koma ndinu oyamba kubwera ndi dzina la banja langa lomwe."

Panja, pansi pa kamtengo, Remi anandiyang'ana ndi maso a bambo ake.

"Amayi, ndagwadira ndani dzulo?"

"Munthu wamkulu aliyense ndi kholo."

"Amayi!"

"Usandikuwire pamsewu, anthu aziti ndakubera."

"Zaka zitatu, Amayi. Maso anga anatupa ndi tsabola wanu. Kwatsala masiku atatu. Adadi kwawo kunali kuti?"

Ndinanena. Mawu ake anatuluka ngati dzino lozulidwa. Ndimati alira za malo ake, koma iye anagwira mutu: "Ndiye anzanga onse amene anandisunga m'mafoni mwawo kuti Mfumukazi? Ndinakana mnyamata chaka chatha, ndinamuuza kuti kwathu sitikwatiwa wamba!"

"Ameneyo unachita bwino, anali ndi ndolo."

Lachitatu dzuwa lili paliwombo tinatsika pa Aba-Jagun, fumbi mpaka m'nsidze. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga mlomo ndinaupeza utakhala pakhonde, ukusenda zilazi. Anali alamu anga a Aduke, achemwali ake a malemu, mayi wamfupi amene saiwala ngakhale tsiku limene nkhuku yake inatsokomola.

Ndinagwada mawondo onse awiri. Iwo anapitiriza kusenda.

"Kodi si mkazi wathu wa ku Ibadan uyu? Mwasochera? Kunyumba yachifumu ndi uko."

"Alamu, chibale ndi fupa, sichiwola."

"Fupa lake liti? Si munalikwirira ku Lagos?"

Iwo anayamba kutchula, chala chimodzichimodzi. Maliro a apongozi anga aakazi, sindinabwere. A apongozi aamuna, sindinabwere. Maukwati asanu ndi awiri. Tsiku lofolera tchalitchi. Ine ndimadziona ngati katswiri wosunga za anthu m'mutu, koma pamenepo ndinakumana ndi aphunzitsi anga. Anakumbuka ngakhale dizilo wa lole ija.

Kenaka anatembenukira kwa Remi, namuyang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja.

"Iwe, wabwera kudzatani?"

"Kalata, Azakhali. Ndasankhidwa ku yunivesite. Lachisanu likapita, malo apita."

"Mwana wa kuno amadziwika ndi munsi. Mtondo uwo, zilazi izo zapsa. Sinja."

Inu, mwana wa ku Lagos amene zilazi zosinja amazidziwa za ufa wa m'pepala! Ndiponso zala zake zinali ndi zikhadabo zomata za phwando lija, zazitali ngati za kabawi, zobiriwira. Ananyamula munsi, kugwetsa kamodzi, chilazi chinadumpha mumtondo n'kukagwera galu, galu n'kuthawa nacho. Kachiwiri, chikhadabo chimodzi chinathothoka n'kulowa m'zilazi. Amayi a m'mudzi anali atasonkhana, akugwirana mapewa ndi kuseka. Ine ndinati ndithandize, a Aduke anati, "A ku Ibadan akhale pansi."

Koma mwana uja sanasiye. Anazula zikhadabo zotsalazo ndi mano, kulavula, kumanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba kusinja ngati mumtondomo muli mayeso onse atatu, mwinanso ndi ine ndemwe. Thukuta kamukamu. Zilazi zinatuluka za mibulu, zoti mlendo sungamupatse, ndipo chikhadabo chija anachipeza ndi a Aduke eni ake, ndi dzino. Anachiika pambali pa mbale, nati, "Bambo ako nawonso ankasinja zoipa chonchi. Tenga nsapato, ofesi itseka folo."

Ku khonsolo ya kumeneko sitinakhale ngakhale theka la ola. Kalaliki atangomva kuti Fagbuyi wa ku Aba-Jagun, anafunsa ngati padenga pa a Aduke pasiya kudontha, chidindo phaa! Basi. Chinthu chimene ndinachithawa zaka zonsezi.

Pobwerera tinapeza mudzi wonse uli pakhonde, ng'oma zatuluka. Anatulutsa matiresi yatsopano ya m'pulasitiki ndi mbuzi ya chingwe m'khosi, n'kupereka kwa Remi.

"Izi n'zachiyani?" ndinafunsa.

"Mwambo wa bungwe la mudzi," anatero a Aduke. "Mwana aliyense wa kuno akalowa yunivesite, matiresi ndi mbuzi. Kamudzi kakutchire kano katulutsa mapulofesa anayi, mkazi wathu. Ku Ibadan kwanuko amapereka chiyani?"

Mutu wanga unayamba kuwerengera.

"Mwambowu unayamba liti?"

"Inu musanakwatiwe."

"Ndiye Gbenga analowa yunivesite zaka khumi zapitazo. Mbuzi yake ili kuti?"

Ng'oma zinaima. A Aduke anandiyang'ana kuyambira ku duku mpaka kuphazi, kenaka anaseka mpaka anakhala pansi. "Mayi uyu alibe manyazi! Wabwera chogwada, akuchoka akulondola mbuzi!"

Lachinayi tinali ku khoti kukalemba kalata yolumbira yokonza zimene zinali pa fomu. Wolumbiritsa anali wogontha khutu limodzi, ndiye anandibwerezetsa katatu, Baibulo lili m'manja, pamaso pa mzere wonse, kuti mwamuna wanga sanali wa ku Ibadan ndipo sanakhalepo wachifumu. Kachitatuko munthu wina kumbuyo anayankha kuti amen. Lachisanu, mbuzi titaisungitsa kwa mlonda wa pageti, Remi analowa mu ofesi ya kusukulu ndi mapepala ake, natuluka akuvina ndi kapepala kachikasu. Malo ndi ake. Ine ndinakhala pa matiresi ija pansi pa mtengo n'kulira pang'ono, poti panalibe wondidziwa.

Ndinkati za ku Aba-Jagun zitsala ku Aba-Jagun. Ndinaiwala kuti ana a masiku ano chinsinsi amachisunga pa foni pamene pali anthu zikwi ziwiri. Mwana wa a Aduke anajambula kusinja kuja, ndipo Remi mwini wake, amene Lachiwiri ankalira za ufumukazi, anakuponya kuti dziko lione, ndi galu yemwe, n'kulembapo kuti wapeza kwawo. Anzake amusintha dzina, pano ndi Loya wa Munsi, ndipo akuti anyamata akumufuna kuposa kale. Loweruka ndikulowa mumsika, mzere wonse wa tomato unaimirira n'kugwada, amake Lanre ali patsogolo, akundikupiza ndi chivundikiro cha basiketi.

"Takulandirani, amayi a kunyumba yaikulu! Ufumu walongedwa bwino?"

"Walongedwa," ndinatero. "Tomato wanu akuwola uko."

Tsono zotsala ndi izi. Kwa anthu a ku Aba-Jagun ndiyenera kupita mwezi wa Ogasiti pa chikondwerero cha zilazi zatsopano, ndi dothi la pamanda a mwamuna wanga m'kansalu koyera, ndi thumba la tsabola, ndikaphikire mudzi masiku awiri. Zimenezo sindikana, ndipita. A Baba Sikiru sanabweze mkanjo, ndipo ndamva kuti Loweruka lapitali anakaperekera nawo mkwati ku Abeokuta. Matiresi ya Gbenga bungwe lavomera. Pa mbuzi ndi pomwe sitinamvane. Ine ndikuti mbuzi ya zaka khumi imakhala itaswa, ana ake n'kuswanso, ndipo ndikawerenga mosaumira zikukwana makumi atatu ndi zinayi. A Aduke akuti ya Gbenga inali tonde.