Pepala la Tizithunzi Lomwe Linatsala Pang'ono Kundilanda Mkazi

Ukwati wanga unatsala pang'ono kufera papepala, ndipo wolakwa sanali wojambula ayi.

Masiku amenewo Lichinga tinkaitchula kuti Vila Cabral. Ndinali nditafunsira Asiyatu wa ku Meponda, ndipo mjomba wake (malume), Che Saidi, anati abale aone kaye nkhope yanga asanavomere. Ndinabwereka jekete (manja ake ankathera pachigongono) n'kupita kwa Mmwenye wina wojambula zithunzi.

Tsiku lokatenga, iye anayala pathebulo pepala limodzi lodzaza tizithunzi m'mizeremizere. "Iyi ndi purova chabe, yongoonerapo," anatero. "Sankha kamodzi ndikakulitse."

Abale anga, ndinangoti kukamwa yasa! Pamwamba panali nkhungu ya m'mawa ikumeza mitengo ya paini, ndi amayi atasenza kachewere akutuluka m'nkhungumo. Kenako mtsikana wina wosamudziwa ali pampando, poyamba wamanyazi, kenako akumwetulira. Kenako ine pampando womwewo: ndikukonza kolala, ndakwinya nkhope ngati msilikali, ndikuyetsemula, ndikuseka. Tsiku lathunthu linali litagona papepala limodzi, likupuma. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero, moti misozi inalengeza.

"Sinyoro, ndikufuna lonseli."

"Ili sitipatsa anthu, ndi lantchito."

Ndinakakamira mpaka anagonja uku akupukusa mutu. Ndinalipatsira dalaivala wa lole ya nsomba, ndili ndi mtima woti a ku Meponda nawonso akaone luso.

Iwo anakaona zina. Che Saidi anakwera mtunda wonse uja mpaka kwathu ku Chiuaula, Asiyatu ali pambuyo, maso ali psuu.

"Wallahi, mwanawe, ife tinapempha nkhope imodzi. Nanga uyu wakhala pambali pakoyu ndani?"

Nditayang'ana, thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Pomwe mtsikana uja ankamwetulira, kachithunzi koyandikana nako ndinali ine, nditapendekera chakwa iye. Ndiye m'malo mofotokoza, ndinayamba kuwaonetsa nkhungu. (Inde, nkhungu.)

Tinakathera kwa Mmwenye uja. Iye anafotokoza kuti mtsikanayo anamujambula m'mawa, ine masana, kungoti filimu inali imodzi. Che Saidi anayandikitsa pepalalo kumaso n'kuliyang'anitsitsa. "Mashallah," ananong'ona, "nkhunguyi ngati ungaigwire." Mtima wanga unadumpha, ndapeza mnzanga.

Asiyatu sanatengeke nazo. Anapempha sizasi, ine ndikumva ngati akudula chala changa, n'kubowola pepala lija pakati. Anasiya kachithunzi ka kolala, anasiya ka msilikali, n'kutenga koyetsemula.

"Ine ndikukwatiwa ndi awa," anatero. "Enawo atsale ndi mnzawoyo."

Kachithunzi koyetsemulako kali m'bokosi mpaka lero, ndipo tili ndi zidzukulu. Pepala lobowokalo ndinalibisa pansi pa malaya anga. Asiyatu akandipezerera ndikuliyang'ana, ndimafulumira kunena kuti ndikuona nkhungu. Sanandikhulupirirepo, chikhalirecho ndimanena zoona.