Chingoni cha Sabata Imodzi

Lolemba
Uthenga wafika ku ofesi yathu ya zaulimi kuno ku Mkanda. Ku Lilongwe kuli maphunziro a Chingerezi chozama, koma akufuna anthu apantchito odziwa bwino chilankhulo cha makolo awo. Chichewa ayi, ati ochidziwa achuluka kale. Ndalembetsa Chingoni. Si ndine Mngoni kodi? Mayeso ndi Loweruka. Ndikapambana, kukwezedwa pantchito n'kosachita kufunsa!

Lachiwiri
Chingoni chimene ndili nacho: bayethe, nkosi, yebo.
Ndakhala m'munda wachitsanzo mpaka dzuwa kupendeka, kufunafuna mawu ena m'mutu. Palibe.

Lachitatu
Ndapalasa njinga mpaka kwa mfumu Zulu, kwa amalume, katswiri wa gule wa ngoma. Ndikuwapempha andiphunzitse. Akuyang'ana pansi. "Mphwanga, ife timangoimba. Tanthauzo linapita ndi agogo ako." Andipatsa nyimbo imodzi, ndikubwerera ndikuiimba njira yonse.

Lachinayi
Pa Kamwendo pali bambo wogulitsa matayala amene anakhalako ku Joni. Akuti Chizulu ndi Chingoni n'pachibale. Zimene andiphunzitsa: kufunsa mtengo, kunenerera, kupepesa kwa wapolisi. Lilime likukana kutchula ma q ndi ma x awo aja!

Lachisanu
Ndikuwafunsa amayi ngati malemu bambo ankachidziwa. "Ankachilankhula kutulo, makamaka atayamba kudwala. Ine sindinkamva, ndinkangowafunditsa."
Lero sindiphunzira kanthu.

Loweruka
Ku boma. Woyesa ndi mayi wachikulire wa ku Mzimba. Akundipatsa moni m'Chingoni. Yebo. Akufunsa funso. Yebo. Lina lalitali. Nkosi! Thukuta kamukamu. Basi ndaimirira n'kuyamba nyimbo ya amalume, phazi likugunda simenti.
Andisiya ndiimbe mpaka kumapeto, kenako avula magalasi.
"Mukudziwa zimene mukuimbazi, bambo? M'nyimboyi muli munthu wotsala yekha kunkhondo, akufunsa njira yobwerera kwawo."
Sindikudziwa, mayi.
"Mwaimba bwino. Koma pepani, maphunzirowa si anu."

Lamulungu
Titaweruka kutchalitchi ndikuwaimbira foni amalume, kuwauza tanthauzo lija.
"Zaka zonsezi ndakhala ndikuivina ndikuseka," akutero. Kenako, motsitsa mawu: "Tabwereza, mphwanga. Pang'onopang'ono."
Ndabwereza.
Ku Lilongwe apita ena. Ine mawa ndili ndi alimi, nkhani ya chuku mu mtedza.