Telala wa Pachithunzi cha ku Kopong

Nkhani iyi ndimafuna kufa nayo, koma poti Amalawi a ku Gaborone ayamba kale kuifotokoza mothira mchere, bola muimve kwa mwini wake. Ine, mphunzitsi wa masamu wovala tayi, bambo wa ana akuluakulu, ndinagwidwa kumanda a eni ake dzuwa likuswa mtengo, m'manja muli supuni ndi jumbo ya dothi.

Ndimakhala ku Kopong, mudzi umene ambirife timangogonako, kukacha n'kuthithikana m'makombi kupita ku Gaborone. Chaka chatha komiti ya mudzi inaganiza zosonkhanitsa zithunzi zakale ndi mapositikhadi kuti ziikidwe mu holo, ana aone mmene mudziwu unalili usanadzaze nyumba za lendi. Ankasowa munthu woti azijambulenso pa kompyuta. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati kusukulu kwathu sikana ilipo. Basi, ntchito yonse inagwera mlendo.

Inali ntchito yofoola mtima. Anthu ankabweretsa zithunzi m'zitini za mabisiketi, zina zodyedwa ndi chiswe. Apa ngolo ya abulu pa mjigo woyamba wa mudzi, apa amayi pa mzere wa ufa chaka cha chilala, apa positikhadi yochokera kumigodi ku Joni, kutsogolo nyumba zosanja, kumbuyo mawu awiri atatu a munthu wosowa kwawo. Ukafunsa kuti uyu ndani, yankho linali limodzi: anapita. Nanga uyu? Anapitanso. Ndinkabwerera kunyumba ndilibe ngakhale njala.

Chinkandipweteka kwambiri n'chakuti kwathu tili ndi bala lathu. Agogo anga aamuna, a Sandifolo, anali telala ku Ntcheu. Ananyamula makina awo kulowera kummwera amayi anga akadali kumsana, ndipo sanabwererenso. Mtchona weniweni. Mphekesera yomaliza inali yoti wina anawaona akusoka pakhonde la sitolo kwinakwake ku Botswana. Amayi tsopano akalamba, miyendo ikukana, ndipo foni iliyonse imathera pa funso limodzi: "Kodi kumeneko sunamveko za bambo anga?" Iwo amaona ngati Botswana ndi msika wa pa Tsangano, woti ungauzungulire n'kufunsa aliyense. Safuna chuma, safuna kupepesedwa. Amangofuna kudziwa pomwe bambo awo anagona iwo asanatseke maso.

Ndiye Loweruka lina ndikutsegula envelopu ya gogo wina dzina lake MmaTebogo, ndinangoti kakasi. Chithunzi chakuda ndi choyera, chong'ambika pakona. Pakhonde la sitolo pakhala telala, mwendo uli pa makina, tepi ili m'khosi. Kumbali kunali munthu wina wotembenuka, wojambula atamudula pakati, koma ameneyo sindinamulabadire. Maso anga anali pa makutu a telalayo. Banja lathu limadziwika ndi makutu otambalala ngati zogwirira za poto, ndipo makutu amenewo anali pamenepo, onse awiri.

Ndinathamangira kwa mayi a kunyumba.

"Taonani! Agogo awa!"

Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana ine. "Bambo a Chisomo, si telala aliyense wa makutu amene ali agogo anu. Kafunseni bwinobwino."

"Magazi salankhula kawiri," ndinatero ine, mwambi woupeka pompo.

Tsiku lomwelo ndinagula shuga ndi buledi, ulendo kwa MmaTebogo. Ndinawapeza pamthunzi, gogo wochepa thupi, maso atachita ng'ala. Anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba za mabwana ku Extension 2, mu Gaborone, choncho Chingerezi amachitha kuposa mmene ine ndimachithera Chitswana. Tinamvana bwinobwino, musaganize kuti vuto linali chilankhulo.

"Dumela, mma. Ndabwera ndi chithunzi chanu chija."

Anachipapasa ndi zala mpaka anapeza pong'ambika paja. Nkhope inawala.

"Ichi n'cha mwamuna wanga. Chithunzi chake chokhacho chimene ndili nacho."

"Mwamuna wanu, mma? Ali kuti?"

"Anagona kalekale, mwana wanga."

"Anali wa konkuno?"

"Ayi, anachokera kumpoto. Anayendanso kumigodi. Anali munthu wosakonda kukamba za kwawo."

Kumpoto. Wosakonda kukamba za kwawo. Munthu wanzeru akanafunsa kuti kumpoto kwake kuti, chifukwa Botswana nayenso ali ndi kumpoto kwake. Koma ine mphunzitsi wa masamu ndinali nditapeza kale ansala, ndinkangofuna woti andichongere. Ndinagwada pamchenga, n'kugwira dzanja la gogoyo.

"Mma, ine ndine mdzukulu wa bambo ali pachithunzipa. Anasiya mkazi ndi mwana ku Malawi. Mwanayo ndi amayi anga."

Gogo anabweza dzanja. Kenako misozi inayamba kutsika m'maso a ng'alawo.

"Zaka zonse zija," anatero motsitsa mawu. "Ndinkamuchapira, ndinkamuphikira, osandiuza. Ndiye kuti kumigodi kuja sankangokumba miyala."

Ndinamva chisoni, koma ndinadziuza kuti choonadi chimawawa. Anandilongosolera pomwe pali manda, mzere wa kumpanda pafupi ndi mtengo waminga, n'kunena kuti shugayo ndimusiye pakhomo, iwo akufuna akagone kaye.

Ndisanafike n'komwe kunyumba ndinali nditaimba kale ku Ntcheu.

"Amayi, ndawapeza."

Analira mokweza pa foni. Atatonthola anafunsa ngati anakwatira kumeneko. Ndinati inde. Anafunsa ngati mkaziyo ndi wokongola kuposa malemu amayi awo. Ndinati ayi ndithu.

"Chabwino," anatero. "Ine kumeneko sindingafike. Unditengereko dothi la pamanda pawo, pang'ono chabe. Ndidzalithire pamanda a amayi, anthu awiriwa akumane, nanenso mtima ukhale pansi."

Ndani angakanize mayi ake chinthu chotero?

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinavala jekete, poti kuno mwamuna salowa kumanda ndi malaya okha. Kwathu sindikanayerekeza kuponda kumanda popanda chilolezo cha eni mudzi, koma kuno geti linali lotsegula, ndiye ndinati kunja kuno zinthu n'zachizungu. Manda a kuno amawaikira chitsulo chonga bedi, pamwamba n'kufunditsa neti yobiriwira yoteteza dzuwa. Ndinapeza mzere wa kumpanda uja. Pachikwangwani panali dzina la Chitswana lokhalokha, lopanda fungo la Sandifolo. Sindinadabwe. Matchona amasintha mayina, aliyense amadziwa zimenezo.

Ndinkati ndingopemphera mwachidule, koma nditagwada zinthu zinasintha. Ndinakumbukira amayi akukula opanda bambo, agogo aakazi akuyang'ana kumsewu mpaka imfa, ine ndemwe kukalambira m'dziko la eni. Ndinalira maliro a kwathu, okweza mawu, otchula mayina.

"Agogo inu, munatisiyiranji? A Sandifolo inu, mwana wanu uja wakalamba akukudikirani!"

Nditalira mokwanira ndinatulutsa supuni ya kukhitchini ndi jumbo ya buledi, n'kulowetsa dzanja pansi pa chitsulo chija. Dothi la ku Kopong ndi louma, limafuna kukanda. Ndili mkati mokanda ndinaona nsapato zitaima pambali panga.

Ndinakweza maso. Mayi wathupi, wovala za kutchalitchi, kumbuyo kwake amuna awiri.

"Rra, what are you doing? Mukutani pamanda a bambo anga?"

Anali Tebogo, mwana wa gogo uja. Anamva kuti amayi ake sanadye chichokere mlendo wina wa ku Malawi, komanso kuti mlendoyo anamulozera manda, ndiye anabwera kudzadzionera yekha. Ine poganiza kuti m'bale wa amayi anga ndi mayi anganso, ndinatambasula manja, supuni ili m'dzanja.

"Amayi aang'ono!"

Anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Mmodzi wa amuna aja ananena liwu limene ngakhale Chitswana changa chopereweracho chinalimva bwino: moloi. Ndiye kuti mfiti. Pamenepo m'pamene ndinadziona mmene iwo ankandionera: munthu wobwera, maso ofiira, akukumba manda a eni ake masana, akutchula mayina achilendo.

"Si choncho, mma, ndi mwambo wa kwathu."

"Mwambo wa kwanu ndinaumvapo," anatero Tebogo. "Tiyeni."

Anandiyendetsa pakati pa mudzi jumbo ili m'manja, poti palibe amene ankafuna kuikhudza. Anthu ankatuluka m'mageti. Ena anali makolo a ana amene ndimakwera nawo kombi tsiku ndi tsiku. Pofika kwa MmaTebogo bwalo linali litadzaza, nkhalamba zitatenga mipando ya kutsogolo. Ndinaganiza za pemiti yanga ya ntchito, ndinaganiza za mayi a kunyumba.

Ndinafotokoza zonse kuyambira ku Ntcheu. Ndinalumbira kuti bambo wa pachithunzi ndi agogo anga enieni, ndinaloza makutu anga kuti aliyense aone, ndinatembenukanso kuti a kumbuyo asadandaule. Tebogo anaitanitsa chithunzi chija n'kuchiika patebulo.

"Lozani agogo anuwo."

Ndinaika chala pa telala, mwamphamvu ndithu.

Tebogo anandiyang'ana, n'kuika chala chake kumbali, pa munthu wotembenuka uja, wodulidwa pakati.

"Bambo anga ndi awa."

"Msanawu?"

"Msanawu. Ankayesedwa suti ya ukwati."

MmaTebogo anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, mwana wawo n'kuwafotokozera. Gogo anagwira pamtima, n'kuseka uku akulira.

"Ndiye kuti sanandinamize. Ndagona ndikutukwana munthu wosalakwa." Kwa iwo pachithunzipo panali munthu mmodzi yekha, mwamuna wawo. Telalayo ankamuona ngati mbali ya khonde.

Ine ndinapuma, poganiza kuti zathera pomwepo: ndipepese, ndibweze dothi, ndizipita. Koma gogo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Tsono iwe wati ndiwe mdzukulu wa telala?"

"Ndimaganiza choncho, mma, koma mwina..."

"Walumbira pompano," inatero nkhalamba ina ya ndodo. "Makutu tawaona tonse."

"Mnyasa ameneyo tikumukumbuka," anapitiriza MmaTebogo, kuseka kuja kutatha. "Anatenga nsalu ya suti ya mwamuna wanga. Tikapita, mawa. Tikapita, mawa. Sabata ya ukwati tinapeza khonde lili mbee, makina omwe palibe. Mwamuna wanga anakwatira ndi jekete yobwereka, manja ake olekezera m'zigongono. N'chifukwa chake palibe chithunzi cha ukwati wathu. Anakana kujambulidwa."

"Ndi nsalu ya diresi ya amayi anga inapita momwemo," anatero wa ndodo uja.

"Ndi mayunifolomu a kwaya," anawonjezera gogo wina kumbuyo.

Miyezi yonse ija ndinkapempha nkhalamba zimenezi kuti zindiuze mbiri ya mudzi, zinkangoti taiwala. Tsiku limenelo zinakumbuka zonse, mtundu wa nsalu ndi mabatani omwe. Ndinayesa kunena kuti makutu amatha kufanana, kuti chithunzicho n'chosaoneka bwino, kuti matelala a ku Malawi analipo ambiri. Palibe anandimvera. M'mawa ndinali mdzukulu wa munthu wolemekezeka, masana ndinali mfiti, pofika madzulo ndinali mdzukulu wa wakuba. Pa zitatuzi sindikudziwa chimene chinandikhala bwino.

Dothi ndinakalibweza ndi supuni yomweyo, Tebogo ataima pambali kuonetsetsa kuti jumbo ndaikutumula. Ndinapepesa kwa malemu, m'Chingerezi, poti Chichewa changa anali atachimva kale chokwanira. Nditafika ndinafotokozera mayi a kunyumba zonse. Anangotenga supuniyo ndi zala ziwiri n'kukaitaya m'bini.

Chinatsala chinali chovuta kuposa zonse. Amayi ku Ntcheu anali atauza kale abale kuti dothi likubwera. Ndinakhala ndi foni m'manja osaimba, ndikuopa kuti nkhaniyi iwagwetsa. Ndinawapatsa bambo awo Loweruka, tsopano ndimati ndiwalande Lolemba. Pomaliza ndinaimba, n'kufotokoza zonse osabisa: manda si awo, mkazi si wawo, ngakhale telalayo sindikudziwa ngati ali iwo.

Amayi anamvetsera osandidula.

"Wati telalayo anachoka ndi nsalu za anthu?"

"Inde, amayi."

"Atawauza kuti mawa?"

"Ankangoti mawa."

"Osatsanzika aliyense?"

"Ngakhale mwini sitolo."

Anapuma mpweya wautali, ine n'kumadikira kulira. Koma mawu awo anatuluka odekha, ngati a munthu amene wapeza chimene ankafuna.

"Ndi iwowo, mwanawe, usakayike. Ndi bambo anga amenewo. Tsono upite mudzi wotsatira, ukafunse ngati kuli munthu amene akudikirabe thalauza lake."

Ukamafufuza makolo m'zithunzi za eni, usanaloze makutu uyambe wafunsa kuti munthuyo anachoka bwanji.