Dzina limodzi lokha pa mndandanda wa mbewu

Abale, ndatopa. Ndinkangofuna kukonza maina basi.

Kagulu ka alimi a mtedza ku Magodi kanandipempha ndikalembere pulogalamu yolembetsera anthu olandira mbewu. Poyesa ndinalowetsamo mlimi mmodzi wabodza, zonse zinayenda bwino. Koma mlembi wawo amalemba maina mwachisawawa, apa zilembo zazing'ono, apa mipata iwiri, ndiye ine katswiri wa pa Lundazi ndinati ndilembe seta yangayanga. Seta ndi kakhomo kamene dzina limadutsapo lisanakasungidwe mu databesi, nkhokwe ya maina. Ndinati dzina lililonse lizisamba kaye pakhomopo.

Poyamba seta yangayo inkadziitana yokha mosalekeza mpaka pulogalamu inakomoka. Kodi munthu wanzeru sakanalekera pomwepo? Ine ayi. Ndinaikonza, ikumatsuka dzina n'kulionetsa pa sikirini loyera bwino, koma ndinaiwala kamzere kamodzi kouza seta yakale, imene inalimo kale mu pulogalamu, kuti ilisunge. Liwu limodzi lokha loitanira seta yakaleyo, loti super!

Lachiwiri alimi anabwera pa njinga, dzuwa lili phwee, mlembi akulembetsa, ine ndikuyenda mokhuta. Pamzerepo panalinso apongozi anga, bambo a mkazi wanga, a Zimba, amene mpaka lero amakhulupirira kuti ntchito yanga ndi kusewera ndi foni.

Lachisanu, tsiku logawa mbewu, tinasindikiza mndandanda. Midzi ilipo, maekala alipo, koma maina mbee! Popanda dzina palibe wotenga thumba, ndipo mvula inali itayamba kale kuopseza. Ndinachita manyazi.

Wapampando anatembenuza mapepala onse. “Imwe a kompyuta, nanga anthu muwapeleka kuti?” Kenako nkhope yake inawala. “Iyayi, limodzi lilipo!”

Ndinadziwa nthawi yomweyo. Linali la mlimi wabodza uja, amene ndinamulowetsa ndisanakhudze seta, tsiku limene apongozi anandibweza ndi nkhuku ati ndi yowonda. Ndinayesa kukweza dzanja, koma mochedwa. Wapampando anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati ali mu tchalitchi: “Apongozi Ovuta, mudzi Magodi, maekala ziro.”

A Zimba anaimika njinga yawo bwinobwino, anavula chipewa, anandiyang'ana.

“Nilipo,” anatero.

Tinalembetsanso aliyense ndi bolopeni mpaka dzanja kuuma. Tsopano seta ndikaikhudza ndimakasuzumira mu databesi kaye, ndipo alimi anga oyesera onse ndimawatcha Yohane. Koma apongozi sanaiwale. Akaimba foni kwathu amayamba ndi, “Ni ine wa maekala ziro, mwauka uli?”