Tsiku limene kunenerera kunandigwetsera m'khola la nkhumba

Pamsika wa Tsangano panalibe wondiposa kunenerera. Chida changa chinali chimodzi: wogulitsa kachewere akauma mutu, ndinkatembenuka ngati ndikupita, iye n'kundiitana yekha. Chida chomwechi n'chimene chinandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Nkhondo itafika m'midzi yoyandikana nafe, anthu anamanga akatundu kuti tithawire ku Malawi. Kwathu awiri anakana kunyamuka: akulu anga a Domingo ndi mlongo wanga Luziya. Ine ndinkawaika m'dengu limodzi, ndinkangoti onse mitu siyenda bwino (dokotala wake ndinali ine, wosadziwa ngakhale kumanga bala).

A Domingo zawo zinkabwera ngati nyengo. Miyezi ina ali gone pamphasa, osayankhula. Kenako masabata osagona, mapulani ali mbwee. Apa n'kuti akukumba maziko a fabrika, kapena kuti fakitale, ya kachewere. Luziya ayi. M'mawa ndiwe mngelo, masana ukangochedwa kumuyankha ndiwe mfiti.

Ndinayamba ndi akulu. "Tsalani, achimwene, ife tapita!" Ndinatembenuka mwaukatswiri.

"Pobwera unditengereko malata!" anatero, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinapita kwa Luziya ndi mawu omwewo. Mayo ine!

"Ndinadziwa! Nonse mumandisiya!" Anandilanda phukusi n'kuliponya m'khola la nkhumba. Polowa kukalitola ndinaterereka, chagada thapsa! Anthu onse ali pamzere, akatundu pamutu, akuonerera.

"Mwanenerera bwino, kamarada," anatero amalume ena. "Nkhumba yavomera?"

Ndili m'matopemo nzeru zinabwera. Makasitomala awiriwa sanali amodzi. Mphepo ya achimwene inkaomba yokha, ndichoke ndisachoke. Moto wa Luziya woyatsa wake anali munthu womufulatira.

Ndinakakhala pafupi naye, fungo lili guu. "Sindichoka. Ukatsala, nane nditsala."

Ananditukwana mpaka mawu anamuthera, ine phee (munthu amene sindinakhalepo chete pamalonda). Mzere unayamba kuyenda. Kenako anagwira malaya anga. "Mukununkha, alongo. Tiyeni."

Kwa akulu ndinasintha mtengo. "Achimwene, fabrika yonseyi malata ake ndikasankhe ine, mbuli? Ali tsidya linalo."

Anaponya khasu n'kutsogolera mzere wonse. Ntchito inangotsala yowaletsa kuimba.

Tinaoloka tonse atatu. Kumsasa wa othawa nkhondo, enfermeru, namwino wa kumeneko, atamva mbiri yawo anati awa ndi matenda awiri osiyana: a Domingo afunika mankhwala okhazika nyengo zawozo, Luziya afunika womumvera, wosamuopseza kuti achoka. Ndinamuuza kuti zimenezo ine ndinazitulukira kale. Atafunsa sukulu imene ndinaphunzira zimenezo, Luziya anayankha msanga: "Ya nkhumba."

Pamsika ndimatembenukabe mpaka lero, ndipo amandiitanabe. Koma pakhomo pa Luziya ndimatsanzika nkhope ikuyang'ana kwa iye, n'kutuluka chammbuyo. Ndagundapo chitseko kangapo, koma m'khola sindinabwereremo.